Kodi achinyamata a m'ma 1960 ankangosokosa? Yankho kwa aphunzitsi a mbiri yakale

Aphunzitsi ena amene amaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale anandilembera pa imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa motere. Iwo atafotokozera ana a Fomu 4 za zionetsero za achinyamata ku America ndi ku Europe m'zaka za m'ma 1960, ana aja anafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, anthu amene sankagona ndi njala, amene ankaphunzira pa yunivesite makolo awo ali pa ntchito zabwino, ankadandaula chiyani? Chachiwiri, ngati atsogoleri amene ankawatsutsawo anapambanabe pa chisankho, kodi zonsezo sizinali phokoso chabe?

Aphunzitsi, ana anuwo afunsa mwanzeru, ndipo ndikupemphani kuti musawatseke pakamwa ndi yankho lothamanga lakuti achinyamatawo anasintha dziko lonse, pakuti pa nkhani ya mavoti anagonja pafupifupi kulikonse. Chimene anasintha sichioneka pa zotsatira za chisankho. Isanafike nthawi imeneyo, bambo pakhomo, mkulu wa sukulu, bwana pa fakitale ndi nduna ya boma ankatha kulamula osafotokoza chifukwa, ndipo wamng'ono ankayenera kungomvera. Itadutsa nthawi imeneyo, waudindo m'mayiko amenewa anayamba kufunsidwa kuti afotokoze maziko a lamulo lake, ndipo akakana kuyankha, wolakwa ankaoneka iyeyo, pamene kale wofunsayo ndiye akanatchedwa wamwano.

Tiyambe ndi kuchuluka kwawo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, asilikali anabwerera kwawo, mabanja anamangidwa, ndipo ana anabadwa ambiri zedi. Ku America kokha, pakati pa 1946 ndi 1964 kunabadwa ana pafupifupi 76 miliyoni. Anawa anakula pa nthawi imene chuma cha mayiko a azungu chinkakwera chaka ndi chaka, moti mnyamata wosiya sukulu ku London kapena ku Hamburg ankapeza ntchito mosavuta n'kumatsala ndi kangachepe m'thumba. Amalonda sanachedwe kuinunkhiza ndalama imeneyo, ndipo anayamba kupangira achinyamata zovala zawozawo, magazini awoawo ndi nyimbo zawozawo. Kale m'nyumba munkakhala wailesi imodzi yaikulu pabalaza, ndipo wosankha chomvera anali bambo. Timawailesi ta mabatire titafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, mtsikana ankatha kudzitsekera kuchipinda n'kumamvera zimene makolo ake ankaziyesa zachabechabe, ndipo zambiri zimene ankamva iye ku Manchester ndi zomwe ankamvanso mnzake ku Chicago. Umu ndi mmene anthu a msinkhu umodzi, okhala m'mayiko otalikirana, anayambira kudziona ngati gulu limodzi losiyana ndi makolo awo.

Kenako gulu limeneli linakhamukira ku mayunivesite amene sanamangidwe kuti alandire khamu lotere. Ku France ophunzira a m'mayunivesite anali osakwana 200,000 mu 1958, koma pofika 1968 anali ataposa 500,000. Boma linatsegula mofulumira nthambi ya Nanterre kunja kwa Paris mu 1964, pafupi ndi zisakasa zimene munkakhala anthu obwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Algeria ndi kwina, ndipo wophunzira ankauona umphawi umenewo tsiku lililonse popita m'kalasi. Malamulo a m'sukuluzi anali amakedzana: mnyamata sankaloledwa kulowa m'nyumba zogona atsikana, aphunzitsi aakulu anali osafikirika, ndipo mwalamulo munthu ankawerengedwa wamkulu pokhapokha akakwanitsa zaka 21. Ku America nkhaniyi inali yowawa koposa, chifukwa mnyamata wa zaka 19 ankatha kulembedwa usilikali mokakamiza n'kukafera ku Vietnam, chonsecho m'zigawo zambiri za dzikolo sankaloledwa kuvota mpaka atafika zaka 21. Choncho pa funso loyamba la ana anu, muwauze kuti dandaulo silinali la m'mimba. Munthu wokhuta, wophunzira, wokhala ndi mpata woganiza, amamva kuwawa kwambiri akamatengedwa ngati mwana pa zinthu zokhudza moyo wake ndi imfa yake.

Komabe amene anayambitsa zonsezi sanali ana a anthu olemera, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo. Pa 1 Febuluwale 1960, anyamata anayi akuda, ophunzira a chaka choyamba pa koleji ya North Carolina A&T mumzinda wa Greensboro ku America, analowa m'sitolo ya Woolworth, nagula tinthu tochepa monga mankhwala otsukira mano, nasunga malisiti awo, kenako anakakhala pa mipando ya pamalo odyera imene inali ya azungu okha n'kuitanitsa khofi. Anawakaniza, koma iwo anakhalabe pomwepo mpaka nthawi yotseka sitolo. Mawa lake anabwera oposa 20, pofika tsiku lachinayi anali pafupifupi 300, ndipo m'miyezi iwiri yokha mchitidwewu unali utafika m'mizinda yoposa 50. Pa 25 Julayi chaka chomwecho, sitolo ija inayamba kupereka chakudya kwa akuda pa mipando yomwe ija.

Chimene ndimalakalaka ana athu atachidziwa pa nkhaniyi ndi kukonzekera kumene kunali kuseri kwake. Ku Nashville, m'busa wachinyamata James Lawson anakhala akuphunzitsa ophunzira, kuphatikizapo Diane Nash ndi John Lewis, kwa miyezi ingapo asanatuluke n'komwe. Ankachita kuyeserera: mmodzi ankakhala pa mpando, anzake n'kumamutukwana, kumukankha ndi kumuuzira utsi wa fodya kumaso, n'cholinga choti tsiku lenileni likadzafika adzathe kupirira osabwezera. Popita ku masitolo ankavala mataye ndi madiresi abwino, ena atanyamula mabuku awo a kusukulu. Ndipo mu Epulo 1960, amene anawasonkhanitsa ku Shaw University kuti akhazikitse bungwe lawo la SNCC, la ophunzira olimbana ndi tsankho popanda chiwawa, anali mayi wa zaka zoposa 50, Ella Baker, yemwe anawalangiza kuti bungwelo likhale lawolawo, lisasanduke nthambi ya mabungwe a akuluakulu. Malamulo awiri aakulu, la 1964 lothetsa tsankho m'malo ofikamo anthu onse ndi la 1965 loteteza ufulu wovota, sanabwere ndi achinyamata okha ayi, pakuti munalinso mipingo, maloya ndi atsogoleri monga Martin Luther King Jr. Koma pakanapanda ana amene analolera kumenyedwa ndi kumangidwa makamera akujambula, ndikukayika ngati malamulowo akanabwera msanga chomwecho.

Ophunzira achizungu anakatenga nzeru kumeneko. Chapakati pa 1964, mazanamazana a iwo anapita ku Mississippi kukathandiza akuda kulembetsa m'kaundula wa mavoti, ndipo anyamata atatu ogwira ntchitoyi, James Chaney wa komweko pamodzi ndi Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa. Ena mwa obwerako, monga Mario Savio, atafika pa yunivesite yawo ya Berkeley ku California anapeza akuluakulu a sukulu ataletsa kuika matebulo ofalitsirapo nkhani za ndale pachipata. Pa 1 Okutobala apolisi anagwira Jack Weinberg pa tebulo lotere n'kumulowetsa m'galimoto, koma ophunzira anaizungulira galimotoyo n'kukhala pansi, ndipo sinasunthe kwa maola 32. Denga lake linasanduka nsanja yolankhulirapo, ndipo Savio anayamba wavula nsapato asanakwerepo kuti asaiwononge. Mu Disembala anamangidwa pafupifupi 800, koma aphunzitsi a pa yunivesiteyo anavota zoima nawo limodzi, ndipo chiletso chija chinachotsedwa. Patangotha zaka ziwiri, Ronald Reagan anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa California atalonjeza anthu kuti adzathana ndi chisokonezo cha ku Berkeley. Apa ndiye pamene ana anu ali ndi mfundo, ndipo zoterezi zinachitika kambirimbiri.

Pofika 1968 America inali ndi asilikali oposa 500,000 ku Vietnam, nkhondoyo inkaonetsedwa pa wailesi yakanema madzulo alionse, ndipo zionetsero zinakula. Koma panali chinthu chimene chinkawawa anthu wamba: wophunzira pa yunivesite ankatha kuchedwetsa kuitanidwa kwake ku usilikali, pamene mwana wa munthu wogwira ntchito m'fakitale ankangopita. Makolo amene mwana wawo anali kunkhondo akaona pa kanema anyamata a tsitsi lalitali akuwotcha mbendera, ankangoti awa ndi ana olekereredwa amene mwayi wawalowa m'mutu. Richard Nixon anawamvetsa makolo amenewa ndipo anapambana upulezidenti mu 1968. Pa 4 Meyi 1970 asilikali a chigawo cha Ohio anawombera ophunzira pa yunivesite ya Kent State n'kupha anayi, ndipo patangopita masiku 11 apolisi anapha achinyamata awiri akuda pa koleji ya Jackson State ku Mississippi, ngakhale imfa zachiwirizi sizitchulidwa kawirikawiri monga zoyambazo. Mu 1972, pa chisankho choyamba cha pulezidenti chimene a zaka 18 m'dziko lonse anavota nawo, Nixon anapambana m'zigawo 49 mwa 50.

Ku West Germany mkanganowu unazama kuposa kwina konse, chifukwa unalowa mpaka m'nyumba, pakati pa mwana ndi bambo ake. Kuno kwathu timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mwana amakula akukhulupirira zimenezo. Nanga mwana atani akazindikira kuti akuluakulu a kwawo ndi amene anakoleza moto umene unapsereza anthu mamiliyoni? Milandu ya anthu amene ankagwira ntchito ku msasa wa Auschwitz, kumene ulamuliro wa Hitler unaphera anthu miyandamiyanda, inazengedwa ku Frankfurt kuyambira 1963 mpaka 1965, ndipo achinyamata anamva mwatsatanetsatane zimene makolo awo sankafuna kuzitchula. Oweruza, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma ambiri amene anatumikira ulamuliro wa Hitler anali akadali pa maudindo, ndipo Kurt Georg Kiesinger, amene anatsogolera boma kuyambira 1966, anakhalapo membala wa chipani cha Nazi. Popeza zipani ziwiri zikuluzikulu zinali zitagwirizana kulamulira limodzi, m'nyumba ya malamulo munalibe otsutsa amphamvu, ndipo ophunzira anati iwo ndiwo akhale otsutsa a kunja kwa nyumbayo.

Pa 2 Juni 1967, mfumu ya ku Iran itabwera kudzacheza ku West Berlin, wapolisi Karl-Heinz Kurras anawombera kunkhongo wophunzira wa zaka 26, Benno Ohnesorg, yemwe anali atangokwatira kumene ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Khoti linamupeza wapolisiyo wosalakwa. Mu Epulo 1968 mtsogoleri wa ophunzira, Rudi Dutschke, anawomberedwa m'mutu ndi mnyamata wina wodana ndi chikomyunizimu, ndipo ophunzira analoza chala nyuzipepala za kampani ya Springer, makamaka Bild, zimene zinkawanyoza kosalekeza. Zionetsero zinali zazikulu, koma malamulo opatsa boma mphamvu zapadera pa nthawi ya mavuto, amene ophunzira ankawakana kwamtuwagalu, anavomerezedwabe mu Meyi 1968.

Ku Britain zinthu sizinatenthe motero, koma nkhani ya kumeneko ikutikhudza ifeyo. Zionetsero zoyamba zazikulu za ophunzira zinabuka pa London School of Economics mu 1966 ndi 1967, ndipo gwero lake linali kusankhidwa kwa Walter Adams kukhala mkulu wa sukuluyo. Adams anali mkulu wa University College of Rhodesia and Nyasaland ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, koleji imene inakhazikitsidwa m'nthawi ya chitaganya, ndipo ophunzira ankamunena kuti sanalimbe mtima kutsutsa boma la azungu la Ian Smith. Adams anayambabe ntchito. Koma pasanapite nthawi yaitali, achinyamata otsogoleredwa ndi Peter Hain, amene anakulira ku Pretoria ndipo anali ndi zaka 19, anasokoneza masewero a timu ya rugby ya South Africa mu 1969 potsutsa tsankho la m'dzikolo, ndipo ulendo wa timu ya cricket ya dzikolo umene unakonzedwa kuti uchitike mu 1970 unalephereka. Apa chofuna chinali chimodzi, chomveka kwa aliyense, ndipo chinatheka.

Kumene boma linagwedezeka zenizeni ndi ku France. Zinayambira ku Nanterre kuja pa 22 Malichi 1968, pamene ophunzira, mmodzi mwa iwo Daniel Cohn-Bendit, analanda nyumba ya maofesi a sukulu. Nanterre itatsekedwa anasamukira ku yunivesite ya Sorbonne, pakati pa Paris, ndipo pa 3 Meyi apolisi analowa m'menemo n'kugwira ophunzira mazanamazana. Usiku wa pa 10 Meyi ophunzira anazula miyala yoyalidwa m'misewu, nagubuduza magalimoto, namanga zotchinga, ndipo apolisi anawathira utsi wokhetsa misozi ndi kuwamenya ndi zibonga mpaka mbandakucha, kwinaku anthu a m'nyumba zoyandikana akutsanulira madzi m'misewu kuchokera m'mawindo kuti utsiwo uchepe mphamvu. Dziko lonse linkamvera pa wailesi, ndipo nkhanza za apolisi zinakwiyitsa ngakhale anthu amene analibe nazo ntchito za ophunzira. Pa 13 Meyi mabungwe a apantchito anaitanitsa kunyanyala kwa tsiku limodzi, koma mawa lake ogwira ntchito pa fakitale ya ndege ya Sud-Aviation pafupi ndi Nantes anatsekera bwana wawo mu ofesi, a ku fakitale za magalimoto za Renault anatsatira, ndipo pasanathe masabata awiri anthu osachepera 7 miliyoni anali atasiya ntchito. Sitima zinaima, makalata sankayenda, petulo anasowa, ndipo zinyalala zinaunjikana m'misewu ya Paris.

Koma ophunzira ndi apantchito sankafuna chinthu chimodzi. Ophunzira atayenda wapansi mpaka pa fakitale ya Renault ku Billancourt anapeza zipata zili zotseka, chifukwa atsogoleri a bungwe lalikulu la CGT, logwirizana ndi chipani cha chikomyunizimu, sankawakhulupirira. Pa zokambirana za ku Grenelle zimene zinatha pa 27 Meyi, nduna yaikulu Georges Pompidou ndi olemba anthu ntchito anavomera kukweza malipiro otsikitsitsa ndi 35 peresenti ndipo ena onse ndi 10 peresenti, ngakhale apantchito ambiri anayamba akana kaye kubwerera. Pa 29 Meyi pulezidenti Charles de Gaulle anasowa kwa maola angapo, atapita mwakabisira ku Baden-Baden kukaonana ndi Jacques Massu, mkulu wa asilikali a France amene anali ku Germany. Mawa lake analankhula pa wailesi, nathetsa nyumba ya malamulo, naitanitsa chisankho, ndipo madzulo omwewo omutsatira zikwi mazanamazana anadzaza msewu wa Champs-Élysées. Kumapeto kwa Juni chipani chake chinapambana kuposa kale lonse.

Tsopano, aphunzitsi, tifike pa funso lachiwiri lija. Mukayang'ana malamulo amene anasintha m'zaka zotsatira, mupeza kuti ambiri akukhudza mphamvu za wamkulu pa wamng'ono. Chaka cha 1968 chisanathe, France inapereka mipando kwa ophunzira m'makhonsolo oyendetsa mayunivesite, ndipo inalola mabungwe a apantchito kukhala ndi nthambi m'kati mwa kampani. Mu 1970 lamulo la dzikolo linasiya kunena kuti ulamuliro pa ana ndi wa bambo, n'kuupereka kwa makolo onse awiri. Msinkhu wovotera unatsitsidwa kufika pa zaka 18 ku Britain mu 1969, ku West Germany mu 1970, ku America mu 1971 ndi ku France mu 1974, ndipo America inasiya kulemba asilikali mokakamiza mu 1973. Chikwapu cha m'kalasi chinatha m'zigawo zambiri za West Germany m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'sukulu za boma ku Britain chinatha mu 1987. Ambiri mwa malamulo amenewa anakhazikitsidwa ndi atsogoleri omwe aja, kapena zipani zomwe zija, zimene zinagonjetsa achinyamata pa chisankho.

Kusintha kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu koposa kunabadwa m'kati mwa magulu a achinyamata enieniwo. Atsikana anaona kuti anyamata olankhula za ufulu pa nsanja ndi omwewo amene ankawasiyira ntchito yotayipa makalata, yophika khofi ndi yolera ana. Mu Seputembala 1968, pa msonkhano wa bungwe la ophunzira ku Frankfurt, Helke Sander anadzudzula zimenezi poyera, ndipo atsogoleri aamuna atafuna kudumphira pa nkhani ina osamuyankha, Sigrid Rüger anawagenda ndi tomato. Kuchokera pamenepo magulu a amayi anafalikira m'mizinda yambiri, ndipo mu 1977 West Germany inachotsa lamulo lakuti mkazi wapabanja agwire ntchito yolipidwa pokhapokha ngati sikusokoneza ntchito zake zapakhomo.

Si zonse zimene tinganene kuti anabweretsa ndi achinyamatawa. Mapiritsi akulera anavomerezedwa ku America mu 1960, ndipo lamulo lolola mkazi wa ku France kutsegula akaunti kubanki popanda chilolezo cha mwamuna wake linaperekedwa mu 1965, zionetsero za 1968 zisanachitike. Chuma, maphunziro ndi kusamukira m'mizinda zinali zitayamba kale kusintha moyo wa mabanja, ndipo achinyamata anafulumizitsa zimene zinali m'njira n'kuzitulutsira poyera. Panalinso zoipa zimene simuyenera kuwabisira ana anu. Timagulu tochepa tinaganiza kuti yankho ndi mfuti: Red Army Faction ku West Germany inapha anthu oposa 30, ena mwa iwo madalaivala ndi apolisi wamba, ndipo Red Brigades ku Italy inaba ndi kupha Aldo Moro, yemwe anakhalapo nduna yaikulu, mu 1978. Mankhwala osokoneza bongo, amene ena ankawayesa njira yopezera ufulu, anawononga miyoyo yambiri. Nawonso anthu amene anachita mantha ndi zaka zimenezo anamanga ndale zawo zamphamvu, zimene zinathandiza Reagan kupambana upulezidenti mu 1980, ndipo mkangano wa mbali ziwirizi pa nkhani za banja, chipembedzo ndi sukulu udakalipo mpaka lero.

Ochuluka sanagwire mfuti. Anamaliza sukulu, nakhala aphunzitsi, atolankhani, maloya ndi makhansala, monga momwe Dutschke ankalangizira kuti alowe m'mabungwe oyendetsa dziko ndi kuwasintha ali m'kati, ngakhale zitatenga zaka zambiri. Iye mwini anamwalira mu 1979 ndi vuto lochokera ku bala la m'mutu lija, pa nthawi imene ankathandiza kukonza chipani cha Green choteteza chilengedwe, chimene chinakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'nyumba ya malamulo mu 1983. Mmodzi mwa aphungu ake, Joschka Fischer, amene ali mnyamata ankamenyana ndi apolisi m'misewu ya Frankfurt, anadzakhala nduna yoona zakunja mu 1998. Chaka chotsatira anavomereza kuti ndege zankhondo za Germany zitenge nawo mbali pa nkhondo ya ku Kosovo, ndipo pa msonkhano wa chipani chake ku Bielefeld munthu wina wotsutsa nkhondoyo anamugenda ndi thumba la penti yofiira limene linamuvulaza khutu. Fischer anaimirirabe pamaso pa nthumwi, ena akumukuwiza, n'kufotokoza chifukwa chimene anasankhira motero, ndipo nthumwizo zitamva mbali zonse zinavomereza mfundo imene inamulola kupitiriza ntchito yake m'boma.